Tsiku Limene Agogo Anadula Kamara ya Njinga

Ndikamawakumbukira agogo anga aamuna, a Fabiyawo, chimene chimayamba kundifika si nkhope yawo ayi, koma fungo la valuvulina, mafuta olemera aja othira m'kaisha, bokosi la magiya a galimoto. Ndi fungo longa la dzira lowola litasakanikirana ndi chitsulo chotentha, ndipo linkakhala m'zikhadabo zawo, m'chipewa chawo, ngakhalenso m'malaya oyera amene ankavala popita ku Misa ku Fonte Boa. Agogo aakazi, a Nangozo, ankachapa malayawo ndi sopo mpaka zala kuyera, n'kuwayanika pa mpanda tsiku lathunthu kuti mphepo ya m'mapiri iwapitemo, koma Lamulungu likafika ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mukakhale kumbuyo, aPhiri, kuti anzanu akapemphere bwino."

Anali munthu wosakhazikika. Phala ankamwa chiimire, akuyang'ana kumsewu ngati pali amene akuwadikira. Nkhondo isanakule anali motolista, woyendetsa malole apakati pa Tete ndi Beira, kenako anathawira ku Dedza pamodzi ndi banja lonse, ndipo kumeneko anakhala zaka zambiri manja ali lende, opanda chiwongolero choti agwire. Atabwerera kwathu anagulitsa ng'ombe zimene anali atayamba kuweta n'kugula karinya yakale yoyera, kagalimoto kokhala ndi bokosi lonyamulira katundu kumbuyo. Inkanyamula mbatata, chimanga, odwala, akwati ndi maliro omwe. Ikakhala kuti ilibe ulendo, ankaigonera kunsi n'kumamasula ichi, kumanga icho. "Galimoto ikaima imadwala," ankatero, "munthu akaima amayamba kuganiza zoipa."

Ine sindinkakhala nawo. Amayi anga, a Lusiya, anatengedwa chitengwa kumudzi kwa atate, kuseri kwa Domwe, ndipo kumeneko n'kumene ndinabadwira. Atate, a Domingo, ankagula mbatata m'midzi n'kumakagulitsa ku Tete. Ndiyenera kunena zoona za iwo. Akakhala osamwa anali munthu wanthabwala, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa kupalasa njinga, akuthamanga pambuyo panga atagwira chishalo mpaka kupuma mwawefuwefu. Koma akachokera ku Tete ankafika maso atafiira, ndipo m'nyumba munkamveka zinthu zimene mwana sayenera kumva. Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri zinthu zinafika poipa. Atate ankafuna kugulitsa makina osokera a amayi, amayi ankakana poti anali mphatso yochokera kwa bambo awo. Lachitatu lina, asananyamuke ulendo wa ku Tete, anawamenya mpaka diso lamanzere kutsekeka, ndipo potuluka pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Ndikabwera Loweruka tidzaimaliza nkhaniyi."

Loweruka m'mawa, udzu udakali woyera ndi chisanu cha mwezi wa Juni, amayi anandidzutsa atabereka mlongo wanga Zeka, amene anali asanayambe kuyenda.

"Telezinya, pita kwa agogo ako. Ukawauze kuti ndatopa. Usakanene zambiri, akamva."

Mayi wina woyandikana nafe anandiperekeza kumsewu n'kundikweza shapa, minibasi ya ku Ulongwe. Kuchokera ku Ulongwe ndinayenda pansi, pena kuthamanga, pena kuyenda, ndipo nthawi yonseyo ndinkangoyang'ana dzuwa, chifukwa ndinkadziwa kuti lole imene atate ankabwerera inkafika kwathu dzuwa likatsikira pamwamba pa mitengo ya bulugamu.

Ndinafika dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Karinya inali pansi pa mtengo wa mapichesi, ndipo kunsi kwake kunkatuluka miyendo iwiri yovala nsapato zamatayala. Pambali panali beseni lodzaza mafuta akuda bii. Agogo aakazi anali pakhonde akupeta nyemba.

"Ndani uyo wa mapazi opepuka?" anatero mawu kunsi kwa galimoto. Anasuzumira, n'kuseka. "Aa, ndi mkazi wanga wamng'ono. ANangozo, konzani chipinda, mnzanu wafika."

Ankandiseka choncho nthawi zonse, ine n'kumawayankha kuti sindingakwatiwe ndi nkhalamba yonunkha. Tsiku limenelo ndinangoima. Ndinagwada pafupi ndi tayala n'kunena mawu amene ndinatumidwa.

"Amayi akuti atopa."

Lichero linasiya kulira. Agogo aamuna anakhala chigonere kanthawi, akuyang'ana chitsulo chimene chinali pamwamba pa nkhope yawo, kenako anadzikoka n'kutuluka.

"Ali ndi ndani?"

"Ndi Zeka yekha."

"Bambo ako abwera liti?"

"Lero madzulo."

Sanandifunsenso china. Anatembenuka n'kuyang'ana beseni lija. Pamenepo m'pamene ndinamva tsoka limene ndinafikira. Kaisha inali itakhala ikulira kwa masabata angapo, ndiye m'mawa womwewo anali atamasula chotsekera cha pansi n'kukhetsa valuvulina yense wakale. Watsopano analipo, m'chigubu, koma bowo lothirira silili pamwamba ngati la mafuta a injini. Lili m'mbali mwa kaisha, kunsi kwa galimoto, pamalo opanikizika pamene dzanja limalowa mochita kupendeka. Amekaniko amathira ndi seringa, chopopera chachitsulo chonga jakisoni wamkulu, ndipo mekaniko wina wa ku Ulongwe anali atalonjeza kuti adzawabweretsera Lolemba, akabwerako kumaliro kutsidya kwa malire. Agogo sankayembekeza ulendo uliwonse mpaka Lachiwiri.

"Singayende choncho, agogo?" ndinafunsa.

"Ingayende mpaka pa mlatho apo. Kenako mano onse a m'kaisha adyana, ithera pomwepo."

"Tengani njinga, aPhiri," anatero agogo aakazi. "Mukapalasa bwino mukafika kusanade."

"Ndikafika, kenako? Panjinga ndikakweza Lusiya, mwana ndi makina? Kapena ndikagone kumeneko, ine ndi mpongozi woledzera m'nyumba imodzi?" Anapukuta manja m'thalauza. "Mashapa a ku Domwe Loweruka masana amakhala atatha. Ipita ndi yomweyi."

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira ngati phokoso lokhalokha. Anakhuthula bokosi la zitsulo pabwalo, mashave, masipanala aja, ndi mabawuti n'kumwazika mpaka nkhuku kuthawa. Analowa m'nyumba, anatuluka, anazungulira kunkhokwe, analowanso, akuyankhula okha. Anayamba ndi funili yothirira mafuta, koma pamalopo inkangolowa chogona, mafuta n'kumatsikira m'mkono mwawo mpaka m'khwapa. Anatenga ketulo ya tiyi ya agogo aakazi kuti ayese ndi mlomo wake, koma mimba ya ketuloyo inakana kulowa pakati pa zitsulo. Anaiponya pambali. Kenako anathamangira kuchipinda chosungira mbewu n'kubwera ndi mangeyira, kapaipi ka mphira kamene anazula ku chopopera mankhwala a mbatata. Anaitsuka ndi palafini, anaipemerera, n'kulumikiza mbali imodzi ku funili, ina n'kuitsitsa kudutsa pambali pa injini mpaka kubowo. Ine anandikweza pa tayala kuti ndigwire funiliyo m'mwamba.

Valuvulina wozizira amayenda ngati uchi wa m'chisanu. Ndinkamuona ali m'funili, wagolide, osasuntha, ndipo mkono wanga unayamba kutopa.

"Akutsika?" anafunsa ali kunsi.

"Pang'ono, agogo."

"Pang'ono bwanji?"

"Ngati sakutsika."

Anatuluka, anayang'ana m'funilimo, anayang'ana dzuwa. "Tikatere tikafika ku Domwe pa Khirisimasi."

Agogo aakazi anali atachoka. Anabwera ndi mphika waukulu wa madzi otentha, anaimika chigubu cha valuvulina m'menemo, n'kubwereranso kukasonkhezera moto. Agogo aamuna anawayang'ana, n'kugwedeza mutu, koma nzeru zawo zinali zitathamangira kale kwina. Anapeza botolo lapulasitiki la mafuta ophikira, anaboola chitsekerero chake pawiri ndi msomali wotentha, bowo lina n'kulowetsamo mangeyira mpaka pansi pa botolo, lina n'kuikamo kavalavu kamene anadula ku kamara yakale yong'ambikang'ambika, mphira ya m'kati mwa tayala la njinga. Anamata ndi phula, anamanga ndi malegeni, anadzaza botololo ndi mafuta ofunda, n'kulumikiza chopopera njinga.

"Mpweya ukalowa, mafuta asowa pokhala, athawira m'mangeyira," anatero, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo maso awo anawala. "Popa, Telezinya. Pang'onopang'ono."

Ndinapopa. Botolo linafufuma, mangeyira inagwedezeka ngati yamoyo, ndipo kunsi kuja anati, "Eya, akubwera. Onjeza." Ndinaonjeza. Mwina ndinaonjeza kwambiri, chifukwa mtima wanga unali ku Domwe, osati pachopoperacho. Ndinangomva phuu, chitsekerero chauluka, botolo lagwa cham'mbali, valuvulina n'kumwazikira pansi, pamalaya a agogo, pankhope panga. Mmene agogo aakazi ankalitola, theka linali litamwedwa ndi dothi.

Agogo aamuna anatukwana m'Chipwitikizi, mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo. Anazungulira galimoto kawiri, anamenya tayala ndi phazi, anavula chipewa n'kuchivalanso. Dzuwa linali litapendeka. Ine ndinadzipukuta kumaso ndi m'mphepete mwa diresi n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu.

"Ukupita kuti iwe?" anafunsa agogo aakazi.

"Ndikubwerera kwa amayi. Ndawasiya okha."

Anandithamangira n'kundigwira pamkono, ndipo dzanja lawo linali lolimba kuposa mmene ndinkaganizira. "Ukafika mawa ndi miyendo imeneyi. Bwerera. Watayitsa si iwe, ndi chitsekerero." Anandikokera pabwalo, kenako anauza amuna awo kuti, "Vulani malayawo, aPhiri, muli mafuta ambiri m'menemo."

Anagwada pambali pa mbale n'kuyamba kufinya malayawo, kuwapotokola kuyambira kumapeto, valuvulina n'kumatuluka pakati pa zala zawo, kudontha m'mbalemo. Agogo aamuna anali ataima chifuwa chili pamtunda, nthiti zikuoneka, akuyang'ana manja a akazi awo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita pakhonde, anatenga njinga, n'kuigadabuza miyendo m'mwamba.

"Mukutani?" anafunsa agogo aakazi.

"Ndikufuna kamara yamoyo, yopanda bowo. Zakale zonse ndinazidula malegeni."

"Mukadula imeneyo ndiye kuti galimoto palibe, njinga palibe."

"Ndikudziwa, aNangozo."

"Zikakanika, mwana uja afikiridwa ndi ndani?"

Agogo aamuna anatulutsa kamara ya tayala lakumbuyo, imene anali atangoigula kumene, anaigoneka pachitsa, mpeni n'kuugwira m'mwamba kamphindi. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, kaya ankapemphera kaya ankawerengera. Kenako anadula.

Mbali imodzi anaimanga mfundo n'kuikulunga ndi legeni. Mbali inayo anailowetsa funili, ndipo agogo aakazi anathira valuvulina wofunda mpaka kamarayo inafufuma ngati njoka yomeza makoswe. Anachotsa funili, analowetsa mangeyira, n'kumanga zolimba mpaka mitsempha ya m'manja mwawo kutuluka. Analowa kunsi atagwira nsonga ya mangeyira.

"Tsopano musapope kanthu. Muzipinda kuyambira kumchira, ngati mmene mumapindira mphasa. ANangozo agwire pakamwa kuti isavuke."

Ndinagwada pafumbi n'kuyamba kupinda. Mphirayo inali yofunda, yoterera, yolemera ngati chinthu chamoyo, ndipo ndikaitsamira ndi thupi lonse ndinkamva mafuta akusuntha pansi pa zikhato zanga. Nkhunda zinkalira padenga. Kenako kunsi kuja kunamveka kaphokoso kakang'ono, kulu, kulu, ngati mwana akumeza.

"Ikumwa," anatero agogo motsitsa mawu, ngati akuopa kuidzidzimutsa. "Pitiriza, mayi. Ikumwa."

Tinadzaza kamarayo kanayi. Ulendo uliwonse ankatuluka, kumasula, kuthira, kumanganso, akuyang'ana mthunzi wa mtengo wa mapichesi umene unkatalikira kum'mawa. Chigubu chitauma analowetsa chala m'bowo muja, n'kuchitulutsa chouma. Kaisha imakhala yakhuta mafuta akafika pakamwa pa bowolo, ndipo amene anatayika aja ndi amene ankaperewera. Anayang'ana beseni la valuvulina wakale, wakuda, wokhala ndi tizitsulo tonyezimira pansi pake.

"Ndikufuna nsalu yothina maso."

Agogo aakazi anamasula duku kumutu kwawo, imvi n'kuonekera, ndipo anaitambasula pakamwa pa funili. Tinasefa mafuta akalewo pang'onopang'ono, tizitsulo tija n'kumatsalira padukupo ngati mchenga wa kumtsinje.

"Wakale ndi watsopano akazolowerana panjira," anatero agogo.

Titapinda kachisanu, anafuula kuti tileke, ndipo ndinaona mafuta akutsetsereka m'mbali mwa kaisha, kudonthera pachifuwa pawo. Anamanga chotsekera, anatuluka, anavala malaya ena osasamba n'komwe. Agogo aakazi anatseka chitseko, anatenga bulangeti ndi makapulana awiri, ndiye kuti zitenje, n'kukwera kutsogolo osafunsa ngati akupita nawo. Ine ndinakhala pakati pawo, ndodo ya magiya ikundigunda bondo.

Ulendo umenewo sindinaone minda ya mbatata kapena phiri la Domwe likukula patsogolo pathu, ngakhale ndikudziwa kuti zinalipo. Ndinkangoona malole. Lole iliyonse imene inkatulukira kutsogolo itasenza anthu pamwamba pa matumba, ndinkafufuza chipewa chofiira cha atate pakati pa mitu. Agogo ankayendetsa mutu atapendeketsa, khutu lili kundodo ya magiya, ndipo akasintha giya ankadikira kaye ngati munthu amene wafunsa funso. Titadutsa Ulongwe anaima, anagwada, anagwira kaisha ndi chikhato kuti amve kutentha kwake, anayang'ana ngati ikudontha, n'kukweranso.

"Yasiya kulira," anatero, ndipo awa ndi mawu okhawo amene ananena njira yonse.

Tinafika dzuwa litangokhudza nsonga za bulugamu. Atate anali asanabwere. Amayi tinawapeza m'nyumba atakhala pa mtolo wa zovala, Zeka ali pamiyendo, makina atawakulunga m'bulangeti. Ataona bambo awo pakhomo anayesa kubisa diso lija ndi kapulana, koma agogo anagwada, anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kuyang'ana. Agogo aakazi ndi amene analira, mosatulutsa mawu, akumulandira Zeka.

Ine ndinali nditayamba kale kuthamanga ndi mitolo. Mapoto, mphasa, makope anga a kusukulu, zonse ndinkangoponya m'bokosi la karinya. Makina anakweza agogo okha n'kuwamanga ndi chingwe. Zonse zitakwera ndinati, "Tiyeni, agogo, lole ifika pompano."

Iwo analowa m'nyumba, anatenga kampando, anakaika pakati pa bwalo, n'kukhala.

"Agogo, tiyeni."

"Sindinabwere kudzaba, Telezinya. Mwana uyu anadzamutenga kwathu masana, anthu akuona. Nanenso ndimutenga anthu akuona. Ndimathamangira kuti bambo ako asamupeze ali yekha, basi. Pita ukaitane atsibweni awo a bambo ako, uwauze kuti kwabwera alendo."

Ndinapita ndikulira ndi mkwiyo, poganiza kuti ntchito yonse ija yapita pachabe. Atsibweni a atate, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, anabwera n'kukhala pamwala. Anthu oyandikana nafe anayamba kutuluka mmodzimmodzi n'kuima m'mphepete mwa mipanda yawo. Tinadikira. Bondo la agogo linkangogwedera, chidendene chikugunda pansi mpaka kukumba kadzenje, koma sanadzuke pampandopo.

Atate anatulukira ndi chikwama paphewa. Fungo la mowa linalipo, koma ankayenda mowongoka. Ataona galimoto, katundu ndi anthu, anaima. Kenako anavula chipewa, anayandikira, n'kunjuta patsogolo pa agogo monga mwa mwambo.

"Mwatipeza, apongozi."

"Takupezani. Mwayenda bwanji ku Tete?"

"Tayenda bwino. Kaya kumudzi?"

"Kumudzi kuli bwino. Kuno ndiye sikuli bwino. Ndabwera kudzatenga Lusiya kuti akapume. Zotsala akakamba ankhoswe."

Atate anaimirira. Ndinaona zala zawo zikufumbata lamba wa chikwama. "Mkazi ndi wanga ameneyu. Palibe amene angamutenge ine ndisanalole."

"Mkazi ndi wanu, sindikukana," anatero agogo, mawu awo osakwera. "Koma diso ilo ndi langa. Ndinabereka ndine, ndipo ndinakupatsani ali nawo awiri."

Atate anatembenukira kwa atsibweni awo, ngati akufuna kuti awathandize. Nkhalambayo inkajambula pansi ndi ndodo.

"Alekeni apite, Domingo," inatero. "Tonse pano tili ndi makutu. Takhala tikumva."

Atate anayang'ana anthu aja m'mipanda, ndipo aliyense anayang'ana kumbali. Anapita pakhonde n'kukhala pansi, chikwama chili pakati pa miyendo.

Amayi anakwera kutsogolo ndi agogo aakazi ndi Zeka. Ine ndinakwera kumbuyo, pafupi ndi makina. Galimoto itayamba kuyenda ndinacheuka, ndipo ndinaona atate ataimirira pakati pa bwalo, m'manja atagwira tinsapato toyera tansalu, timene anatulutsa m'chikwama muja. Sanakweze dzanja, sanaitane. Anangoima nato. Ine ndinatembenuza nkhope, poganiza kuti kuwayang'ana n'kuwalakwira amayi, komanso kuti ine, amene ndinakaitana agogo, ndinalibenso chonena kwa iwo.

Karinya inaima. Agogo anali ataona pagalasi. Anatulutsa mutu pawindo.

"Tsika, Telezinya. Pita ukawatsanzike bambo ako ngati munthu."

Ndinayang'ana amayi kudzera pagalasi lakumbuyo. Sanatembenuke.

"Amene akusiyana ndi awa awiri," anatero agogo. "Iwe sunasiyane ndi munthu. Pita, tikudikira."

Ndinayenda kubwerera, anthu onse akundiyang'ana. Ndinagwada. Atate anandipatsa nsapatozo.

"Ndinayeza phazi lako ndi kachingwe uli m'tulo," anatero. "Zikakhala zazikulu uzikulira momwemo." Kenako anafunsa, "Ndiwe unakawaitana?"

"Inde, atate."

Ndinadikira, mutu uli pansi. Anayang'ana mapazi anga, amene anali ong'ambika ndi odzaza fumbi ndi mafuta akuda.

"Wayenda ulendo wautali. Vala."

Ndinavala pomwepo, n'kubwerera kugalimoto.

Amayi sanabwererenso ku Domwe. Ankhoswe anakumana kawiri, ukwati n'kutha, ndipo amayi anapeza khonde la sitolo ina ku Ulongwe kumene anasokera zaka zambiri mpaka kutiphunzitsa tonse awiri. Njinga ya agogo inakhala chigadabukire pakhonde mpaka atakumba mbatata, ndipo miyezi imeneyo kulikonse kosafuna galimoto ankapita pansi, akudandaula kuti misewu yatalika. Seringa ija mekaniko atabwera nayo Lolemba, agogo anamubweza nayo. Koma holide iliyonse, sukulu ikatseka, ankandiuza kuti ndilongedze, n'kundipititsa ku Domwe. Ankanditsitsa pamsewu, osalowa m'mudzi, ndipo pakatha sabata ndinkawapeza pamalo omwewo akuzungulira galimoto, akugunda matayala. Sanandifunsepo zimene atate anena, ndipo sindinawamvepo akuwanyoza pamaso panga. Agogowo anamwalira ndili m'kalasi lomaliza la sekondale, atadwala masiku atatu okha, akukangana ndi anamwino kuti amasuleni apite kwawo.

Lero ndine mphunzitsi ku Ulongwe, ndili ndi ana anga. Atate anakalamba, maso anachita khungu, mowa anausiya mochedwa, pamene panalibenso munthu woti awakhululukire pafupi. Amakhala okha m'nyumba yomwe ija. Mwezi uliwonse ndimakwera shapa ndi shuga, sopo ndi mchere, ndikawachapira, kuwasesera, n'kumvetsera nkhani zawo za ku Tete zimene ndinazimva kale kambirimbiri. Sindinganene kuti ndimapita mtima uli mbee. Pali masiku amene ndimati ndikawayang'ana manja, ndimafuna kungonyamuka osatsanzika. Koma ndimatsanzika.

Pobwerera ndimadzera kwa amayi. Amandilandira chikwama, amandipatsa madzi, ndipo amadziwa kumene ndachokera ngakhale sindinena. Amakamba za mvula, za mitengo ya fetereza, za ana a Zeka. Kenako, ndikamadzuka kuti ndizipita, amafunsa akuyang'ana kwina.

"Akudya?"

"Akudya, amayi."

Sitipitirira pamenepo. Mwezi ukatha ndimanyamukanso.